Kafufuzidwe ka Zotsalira za Chakudya pa Zida za Miyala za Anthu Akale

Munthu aliyense amene anaperapo mawere kapena mapira pa mphero amadziwa kuti ngakhale mwalawo mutausesa chotani, ufa wina umakanirira m'timaenje ndi m'timing'alu take, ndipo suchoka pokhapokha mutautsuka ndi madzi ambiri. Kukanirira kumeneku ndiko maziko a ntchito imene ndikufuna kufotokoza pano. Mwala umene munthu anapererapo mbewu, anaswerapo mtedza, anapalira mizu kapena anachekera nyama zaka zikwi zambiri zapitazo ukhoza kusungabe tinthu tochepa kwambiri ta chakudyacho, tosaoneka ndi maso, ndipo tinthuto tikachotsedwa mosamala ndi kuyang'anidwa pa maikulosikopu timaulula ntchito imene mwalawo unagwira. Mafupa a nyama amakhalitsa m'nthaka, n'chifukwa chake kwa nthawi yaitali moyo wa anthu akale unkafotokozedwa ngati moyo wa alenje okhaokha. Koma zomera zimaola msanga, ndipo ntchito ya amene ankakumba mizu, kupeta njere ndi kupera ufa ikanaiwalikiratu ikanapanda kusiya zizindikiro pa miyala.

Ndinene poyambirira pomwe kuti kupeza chinthu pa mwala sikuvuta. Mwala uliwonse umene mungatole, mukauyang'ana pa maikulosikopu, mupezapo kanthu. Chovuta ndi kutsimikiza kuti chimene mwapezacho chinafika pamenepo m'manja mwa munthu wakaleyo pamene ankakonza chakudya chake, osati kuchokera m'dothi, m'mizu ya mitengo imene inamera pambuyo pake, m'thumba limene munaikamo mwalawo, kapena m'zala zanu zomwe. Njira zonse zimene zikutsatirazi cholinga chake ndi chimenechi.

Ntchito imayambira pamalo ofukula

Choyamba ndi chilolezo. Ku Malawi zinthu zakale zimatetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act, ndipo kufukula kumafuna chilolezo cha nthambi ya boma yoona za nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi zipilala. Maiko ena nawonso ali ndi malamulo awo. Munthu amene wangopeza mphero yakale kapena timiyala tosemedwa m'phanga kapena m'mbali mwa khwawa angathandize kwambiri pozisiya pomwepo, kuzijambula chithunzi ndi kukauza akuluakulu, chifukwa mwala umene wachotsedwa pamalo pake popanda kulemba kuti unali pakuya bwanji ndiponso m'dothi lanji wataya theka la umboni wake.

Chachiwiri, ndipo ndi chimene ofukula ambiri a m'mbuyomu anaphonya, ndi chakuti mwala wofuna kupimidwa usatsukidwe. Kale chinali chizolowezi kuti madzulo aliwonse miyala yonse yofukulidwa tsikulo ikwechedwe ndi burashi m'beseni limodzi, iumikidwe padzuwa, kenako ilembedwe manambala ndi inki. Izi zinkathandiza kuti maonekedwe a chida aoneke bwino, koma zinkakokolola zotsalira zakale ndi kusakaniza za mwala wina ndi unzake. Lero wofukula akaona mwala woyenera, makamaka mphero, mwanamphero, mwala woswera kapena chochekera chimene chili ndi dothi lokanirira, amausiya pomwe uli, amaujambula, amalemba malo ake ndi mbali imene inayang'ana kumwamba, ndipo amaunyamula ndi chitsulo choyera n'kuuika m'thumba latsopano lakelake, dothi lake lili pomwepo. Nambala ilembedwe pa thumba, osati pa mwala. Ngati cholinga ndi kufufuza mafuta, mwalawo uyambe wakulungidwa m'pepala la aluminiyamu lotenthedwa kale, popeza pulasitiki imatulutsa mankhwala amene amasokoneza makina opimira mafuta, ndipo mafuta a pakhungu la munthu nawonso amatsalira pa chinthu chilichonse chimene wachigwira.

Pamodzi ndi mwalawo tengani dothi: lapansi pake, lapamwamba pake, ndi lina la pataliko pang'ono koma la muyalo womwewo. Tenganinso miyala ingapo ya pomwepo imene sinasemedwe ndipo sionetsa kuti inagwirapo ntchito. Zinthu zimenezi ndi zoyerekezera. Mukapeza kuti mwala wamba uli ndi tinjere ta sitachi (ufa woyera umene zomera zimasunga m'njere ndi m'mizu yake) tochuluka mofanana ndi ta pa mphero, ndiye kuti tinjereto n'ta m'dothi, ndipo simunganene kanthu za chakudya.

Pano ndiyenera kukhalitsa pa nkhani ya chimanga, chifukwa kwathu kuno ndi imene ingawononge kafukufuku yense. Anthu ogwira ntchito yofukula amadya nsima masana, ndipo amadya ndi manja; ena amafika atadzera kuchigayo, zovala zili mbuu ndi ufa; matumba amene amanyamulira zipangizo mwina anasungapo mgaiwa. Kanjere kamodzi ka sitachi wa chimanga n'kochepa kwambiri moti kamauluka ndi mphepo ndipo kamakhala pa chipewa kapena m'zikhadabo kwa masiku. Tsono sitachi wa chimanga amafanana kwambiri ndi wa mapira pa kukula ndi pa maonekedwe ake a ngodyangodya, ndipo mapira ndiwo mbewu imene wofufuza wa ku Africa amalakalaka kuipeza pa miyala yakale. N'chifukwa chake chakudya chidyedwe kutali ndi dzenje, aliyense asambe m'manja ndi sopo asanabwerere, ndipo pa tsiku lochotsa miyala yosankhidwa pakhale munthu mmodzi kapena awiri okha ogwira ntchitoyo. Komabe chimanga chomwecho chili ndi phindu lake kwa wofufuza. Chimanga ndi chinangwa zinachokera ku America ndipo zinafika ku Africa pambuyo pa chaka cha 1500, kotero ngati mwazindikira motsimikiza sitachi wa chinangwa kapena wa chimanga pa chida cha zaka zikwi makumi angapo, mwadziwa kuti penapake pali mpata umene zinthu za lero zikulowera, ndipo zotsatira zonse za gulu limenelo ziyenera kukayikiridwa.

Magolovesi asakunamizeni. Ufa umene umathiridwa m'magolovesi ambiri a kuchipatala ndi sitachi wa chimanga. Mu 2014 Alison Crowther ndi anzake, kuphatikizapo Julio Mercader, anafalitsa kafukufuku woonetsa kuti sitachi wa lero amapezeka m'malabotale momwe, mumpweya, pa zipangizo, ngakhale pa magolovesi olembedwa kuti alibe ufa. Choncho bokosi lililonse la magolovesi liyambe lapimidwa, ndipo ofufuza ena amasankha kugwira miyala ndi zopanira zachitsulo zoyeretsedwa kapena kudzera m'thumba loyera m'malo movala magolovesi.

Kukonza labotale ndi kuyang'ana mwala usanakhudzidwe

Chipinda chopimiramo chikhale chosalowamo chakudya, mapepala opukutira, zodzoladzola zaufa kapena makatoni, pakuti zonsezi zimakhala ndi sitachi. Matebulo ndi zipangizo zagalasi zitsukidwe ndi mankhwala osungunula sitachi, monga sodium hydroxide, kapena ziwiritsidwe, chifukwa spiriti yekha amapha tizilombo koma kanjere ka sitachi amakasiya kali bwinobwino. Ikani timagalasi ta pa maikulosikopu topanda kanthu m'malo angapo a chipindacho kwa maola kapena masiku, kenako mutiyang'ane kuti mudziwe zimene zikugwa kuchokera mumpweya. Madzi amene mugwiritse ntchito nawonso apimidwe, ndipo nthawi iliyonse pamene mukukonza zotsalira za pa mwala, konzaninso kabotolo kamodzi ka madzi okhaokha kamene kadutse m'njira zonse zomwezo. Kabotolo kameneka kakatuluka ndi tinjere, vuto lili m'chipinda chanu.

Musanachotse kalikonse, yang'anani mwala wonse pa maikulosikopu yokulitsa pang'ono, kuyambira ka 10 mpaka ka 50 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo jambulani mapu a mwalawo osonyeza pamene pali chotsalira chilichonse. Kenako pitani pa maikulosikopu younikira kuchokera pamwamba, yokulitsa ka 100 mpaka ka 500. Chofunika pano si mtundu wa chotsalira chokha ayi, koma malo ake ndi kakhalidwe kake. Chotsalira cha ntchito chimasonkhana m'mphepete mochekera kapena pamalo operera, chimakhala chopakika ndi chopanikizika m'timing'alu, ndipo kawirikawiri chimaloza mbali imodzi, mbali imene dzanja linkakankhira. Chotsalira chongogwera chimamwazika paliponse, chimakhala pamwamba pa dothi m'malo mokhala pansi pake, ndipo chimaoneka chatsopano, nthawi zina chili ndi mtundu wake wobiriwira kapena wabuluu wa ulusi wa chovala.

Nthawi yomweyo yang'anani kutha kwa mwalawo. Njira imeneyi anaikhazikitsa ndi Sergei Semenov wa ku Leningrad, amene buku lake linatuluka mu 1957, ndipo mfundo yake ndi yakuti chinthu chilichonse chimadya mwala m'njira yakeyake: udzu ndi mbewu zimasiya kunyezimira kosalala kowala kwambiri, chikopa chimabunthitsa mphepete n'kusiya kunyezimira kozimiririka, fupa limabenthula timagawo, ndipo kupera kumasalaza nsonga za timchenga ta mwala n'kusiya timizere toloza kumene mwanamphero ankayenda. Zida zambiri za m'dera lathu, monga za ku Karonga kumene Jessica Thompson ndi anzake akhala akufufuza, n'za miyala ya quartz ndi quartzite, imene imathwanima kwambiri pansi pa nyali ya maikulosikopu ndipo imatopetsa maso; pa miyala yotere maikulosikopu ya ma electron imathandiza kwambiri, komanso imatha kusonyeza ngati banga lakuda lili la chamoyo kapena ndi manganese wa m'nthaka chabe.

Kuchotsa zotsalira

Pali njira ziwiri zazikulu, ndipo ndi bwino kuyamba ndi yofatsa. Pa njira yoyamba mumadontheza madzi oyeretsedwa ochepa kwambiri, kadontho kamodzi, pamalo amene mwasankha pa mapu anu, n'kuwasiya alowerere kwa mphindi zingapo, kenako mumatakasa pang'onopang'ono ndi nsonga yatsopano ya pipette, kachubu kodonthezera ndi koyamwira madzi, n'kuwayamwanso. Ubwino wake ndi wakuti mukudziwa bwino lomwe pamene chotsaliracho chachokera, ndipo mbali ina yonse ya mwala yatsala yosakhudzidwa. Tengani madontho kuchokera pamalo ogwirira ntchito, ndiponso ena kuchokera kumsana kwa mwala kumene sikunagwire ntchito, kuti muyerekeze.

Njira yachiwiri ndi yomiza mbali ya mwala m'madzi a m'chikho choyera, chikhocho n'kuchiika m'makina onjenjemeretsa madzi ndi mafunde a phokoso losamveka ndi khutu, kwa mphindi zisanu kapena khumi. Kunjenjemerako kumatulutsa zimene zinabisala mkati mwa timaenje. Pa mphero yaikulu yosalowa m'chikho, ofufuza ambiri amachita m'magawo atatu: amayamba apukuta dothi louma ndi burashi yatsopano n'kulisunga palokha, kenako amatsuka ndi burashi yonyowa n'kusunganso madziwo paokha, ndipo pomaliza amatulutsa za m'timaenje. Gawo loyamba limakuuzani za dothi, gawo lomaliza ndilo limayandikira kwambiri ntchito ya mwala. Ngati tinjere tikuchuluka pamene mukulowa mkati, ndi chizindikiro chabwino. Ngati tikuchepa, mwina tinachokera kunja.

Madzi amene mwapezawo amakhala ndi dothi lambiri lobisa zimene mukufuna, choncho muyenera kulekanitsa, monga momwe mayi amalekanitsira gaga ndi mphale popeta, kungoti pano cholekanitsa ndi kulemera m'madzi. Sitachi amalemera pafupifupi kamodzi ndi theka kuposa madzi, pamene mchenga umalemera koposa kawiri ndi theka. Mukathira madzi olemera a mankhwala monga sodium polytungstate kapena cesium chloride, osakanizidwa kuti kulemera kwake kufike pa 1.7 kapena 1.8, n'kuzunguza m'makina a centrifuge, sitachi amayandama ndipo mchenga umamira. Mumayengula zoyandamazo, n'kuzitsukuluza kangapo ndi madzi oyera. Zotsala pansi musataye, pakuti mukazithira madzi olemera kufika pa 2.3 mumayandamitsa ma phytolith, amene ndifotokoze posachedwa. Sitachi ayambe kuchotsedwa nthawi zonse, chifukwa asidi ndi kutentha zimene zimagwiritsidwa ntchito poyeretsa ma phytolith zimamuwononga. Pomaliza dontho la zoyandamazo limaikidwa pa kagalasi pamodzi ndi glycerol wosakaniza ndi madzi, amene amalola kuti kanjere kazitha kugubuduzika mukakankha pang'ono chovundikira, kuti mukaone mbali zonse.

Kuzindikira zimene mwapeza

Kanjere ka sitachi kamayezedwa m'ma maikulomita, ndipo maikulomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Tinjere ta mpunga n'tochepetsetsa, tosafika ma maikulomita 10. Ta chimanga ndi mapira kawirikawiri timakhala pakati pa 5 ndi 25. Ta mbatatesi tikhoza kuyandikira 100. Chizindikiro choyamba chakuti chimene mukuonacho ndi sitachi chimaoneka mukayatsa kuwala kopingasa kwa maikulosikopu, ndiko kuti kuwala kodutsa m'magalasi awiri osefera kuwala oikidwa mopingasana: kanjereko kamawala mumdima ndipo pakati pake pamadutsa mtanda wakuda, umene umazungulira mukamatembenuza galasi losefera kuwala. Mikono ya mtandawo imakumana pa kamchombo, pamene kanjereko kanayambira kukula. Kuchokera apo mumalemba kukula kwake, maonekedwe ake, ngati kamchombo kali pakati kapena kumbali, ngati pali mizere yozungulira yonga ya mkati mwa anyezi, ndiponso ngati pali timing'alu. Sitachi wa chinangwa amaoneka ngati kabelu kodulidwa mbali imodzi. Wa zilazi zambiri ndi wamkulu, wotalikirapo, kamchombo kali kumapeto. Wa nyemba ndi wonga impso wokhala ndi mng'alu wautali pakati.

Palibe amene angazindikire zimenezi kuchokera m'mutu kapena m'zithunzi za m'mabuku a maiko ena. Muyenera kukhala ndi nkhokwe yanuyanu ya zomera za m'dera limene mwalawo unapezeka: mapira olimidwa ndi a m'tchire, mawere, mchewere, udzu wa m'madambo, mpama ndi mizu ina yakutchire, zipatso, nyemba zakutchire, chilichonse chotoledwa pamodzi ndi katswiri wa zomera amene angatsimikize dzina lake. Pa ntchito imeneyi agogo a m'mudzi amene akudziwa mizu imene anthu ankadya pa nthawi ya njala, ndi momwe ankaisukulutsira kuti ichoke poizoni, ali ndi nzeru zimene labotale ilibe, ndipo ndikuona kuti maina awo ayenera kulembedwa m'malipoti monga anzathu a pa kafukufuku. Pa chomera chilichonse yezani tinjere tambiri, chifukwa m'mbewu imodzi momwemo mumakhala tinjere tosiyana kukula, ndipo mitundu yapachibale imalowerana. Kanjere kamodzi kokha sikokwanira kutchulira mtundu wa chomera. Nthawi zambiri chilungamo chimafuna kuti mungonena kuti ndi ka banja la udzu, kapena ka muzu, osapitirira pamenepo.

Chimene chimandikondweretsa kwambiri pa ntchito yonseyi ndi chakuti sitachi amasunganso mbiri ya kakonzedwe ka chakudya. Kupera kumang'amba ndi kuphwanya tinjere, n'kupotoza mtanda uja. Kuphika m'madzi otentha kupitirira madigiri 60 kapena 70 kumatitupitsa mpaka mtanda kuzimirira, zomwe ndi zimene zimachitika mumphika pamene phala likulimba. Kukazinga pouma kumasiya zipsera zamtundu wina, kawirikawiri pa kamchombo. Kumeretsa mbewu, monga timachitira ndi chimera cha thobwa, kumasiya timaenje ndi tinjira tonga tobooledwa ndi nankafumbwe, chifukwa mbewu ikamamera imayamba kudya sitachi wake. Utoto wotchedwa Congo red umalowa m'tinjere towonongeka kapena tophikidwa n'kutifiiritsa, pamene tamphumphu sutikhudza, ndipo umathandiza kuona zimene zikanaphonyeka. Koma apa pafunika kudziletsa kwambiri, popeza tizilombo ta m'nthaka natonso timaboola sitachi mofanana ndi kumera, ndipo kukhala zaka zambiri m'dothi lonyowa ndi lotentha kumawononga tinjere m'njira zofanana ndi kuphika. Musanene kuti anthu akale ankafulula mowa chifukwa cha tinjere tiwiri tobooka.

Ma phytolith ndi timiyala ta silika (chinthu chomwecho chimene chimapanga mchenga) timene timapangika mkati mwa zomera. Udzu umamwa silika pamodzi ndi madzi, ndipo silikayo amauma m'timaselo ta masamba ndi mankhusu n'kutenga maonekedwe ake. Ndiye amene amachititsa kuti tsamba la bango licheke chala ndi kuti chikwakwa chibunthe msanga. Chomera chikaola kapena kupsa, timiyalati timatsala, ndipo timapirira nthaka imene sitachi sangapiriremo. Timathandiza kudziwa mbali ya chomera imene inagwiritsidwa ntchito: ta m'mankhusu n'tosiyana ndi ta m'masamba, kotero kuchuluka kwa ta m'mankhusu pa mphero kumasonyeza kuti njere zinkakonoledwa kapena kuperedwa pamenepo. Vuto lake ndi lakuti dothi lililonse la m'phanga limene anthu ankayalamo udzu wogonapo limadzaza ndi ma phytolith, choncho kuyerekeza ndi dothi kumafunika koposa.

Za nyama n'zovuta kuposa za zomera. Ubweya, tizidutswa ta nthenga, mamba a nsomba ndi ufa wa fupa zimatha kuzindikirika ndi maso pa maikulosikopu, koma magazi, mafuta ndi minofu zimaoneka ngati mabanga opanda maonekedwe enieni. Mu 1983 Thomas Loy analengeza kuti wazindikira magazi a nyama zosiyanasiyana pa zida zakale za ku Canada, ndipo nkhaniyo inadzutsa chidwi chachikulu, koma ofufuza ena atayesa njira zopimira magazi akale anapeza kuti zotsatira sizinkagwirizana nthawi zonse. Lero banga lotere limapimidwa ndi makina: FTIR, amene amaunika ndi kuwala kwa infrared osawononga chotsaliracho, kapena GC-MS, amene amalekanitsa mafuta m'magulu ake. Kumbukiraninso kuti si chotsalira chilichonse chili cha chakudya. Utomoni wosakaniza ndi dothi lofiira, umene unkamatira chida ku mpini wake, umapezeka kumbuyo kwa chida osati kumene chimachekera, ndipo mapu anu aja ndiwo angakuthandizeni kusiyanitsa.

Dziyeseni nokha

Wofufuza aliyense ayenera kusema zida zake, kuperapo mapira, kupala mizu, kucheka nyama, kenako n'kuyang'ana zotsalira zake zikadali zatsopano ndiponso zitakhala miyezi m'dothi. Kuposa pamenepo, apemphe mnzake kuti agwiritse ntchito zida mobisa, osamuuza chimene wachita, iye n'kuyesa kuzindikira. Lyn Wadley, Marlize Lombard ndi Bonny Williamson, amene ankafufuza zida za kuphanga la Sibudu ku KwaZulu-Natal, anachita mayeso otere n'kufalitsa zotsatira zake mu 2004 osabisa pamene panalakwika, ndipo anaona kuti zotsalira zina za nyama zimasokonezeka mosavuta ndi za zomera. Phunziro limene anatengapo ndi lakuti chotsalira chimodzi chisaweruze mlandu chokha, koma pakhale zingapo zogwirizana, monga mafuta, ubweya ndi ufa wa fupa pa mphepete imodzi. Ndi momwe zimakhaliranso pabwalo la mfumu, pamene mboni imodzi siikwanira.

Zitsanzo ziwiri zikuonetsa kusiyana kwa umboni wolimba ndi umboni wofunabe kuchirikizidwa. Ku Ohalo II, m'mphepete mwa nyanja ya Galileya, madzi ataphwa mu 1989 panaoneka misasa ya zaka pafupifupi 23,000 zapitazo. M'kanyumba kena munali mwala wophwatalala wokhazikidwa bwino pa timiyala, ndipo Dolores Piperno ndi anzake analengeza mu 2004 kuti apezapo sitachi wa balere wakutchire. Umboniwo unalimba chifukwa mozungulira mwalawo munalinso njere zopserera za udzu ndi mbewu zakutchire, zooneka ndi maso, ndipo malowo anatsekeredwa ndi matope kwa nthawi yonseyo. Mwala, sitachi, njere ndi malo zinanena chinthu chimodzi.

Chitsanzo chachiwiri chili pafupi ndi kwathu. Kuphanga la Ngalue, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, kum'mawa kwa nyanja ya Malawi, Julio Mercader wa ku yunivesite ya Calgary anapima zida 70 za miyala n'kupeza tinjere ta sitachi toposa 2,000, tambiri mwa ito tofanana ndi ta mapira akutchire, pamodzi ndi ta mgwalangwa, nthochi zakutchire ndi zomera zina. Mu 2009 analemba m'magazini ya Science kuti anthu ankagwiritsa ntchito njere za udzu zaka pafupifupi 105,000 zapitazo, kale kwambiri kuposa momwe ambiri ankaganizira. Akatswiri ena anafunsa kuti sitachi angakhale bwanji nthawi yaitali chotero, ndiponso chifukwa chake anapezeka ngakhale pa zida zosaperera, n'kunena kuti mwina udzuwo unabwera m'phanga ngati zogonera kapena zoyatsira moto. Chimene ndimalemekeza ndi chakuti Mercader yemweyo anadzakhala m'gulu la amene anafufuza mozama za kuipitsidwa kwa malabotale, ndipo mu 2018 iye ndi anzake analemba pochenjeza kuti anthu akuyembekezera zambiri mopitirira muyeso kuchokera ku sitachi wakale, n'kupempha miyeso yokhwima yotsimikizira kuti kanjere n'kakaledi. Aliyense wofuna kuchita ntchitoyi m'mapanga a ku Dedza, ku Mzimba kapena ku Niassa, kumene kutentha, chinyezi, chiswe ndi mizu zimasokoneza dothi, ayambe waganizira mafunso amenewa asanagule ndi botolo limodzi lomwe la mankhwala.

Zaka za chotsalira nthawi zambiri zimachokera ku muyalo wa dothi umene mwala unapezekamo, popeza chotsaliracho chimachepa kwambiri kuti chipimidwe pachokha. Makala ndi mafupa amapimidwa ndi njira ya radiocarbon, imene imafika zaka pafupifupi 50,000, ndipo kupitirira apo ofufuza amadalira njira zina, monga yopima nthawi imene mchenga unaona dzuwa komaliza. Ichi ndi chifukwa china chimene malo a mwala ayenera kulembedwa molondola pofukula, kuphatikizapo ngati pafupi pake panali una wa nyama, njira ya chiswe kapena muzu.

Polemba lipoti, tchulani chiwerengero cha zida zonse zimene munapima, osati zokhazo zimene zinapereka kanthu. Lembani tinjere timene munapeza pamalo ogwirira ntchito, kumsana kwa mwala, m'dothi, pa miyala wamba, m'kabotolo ka madzi okhaokha ndi pa timagalasi ta mumpweya, zonse poyera, kuti wowerenga aziyerekeze yekha. Ikani zithunzi za kanjere kalikonse kofunika m'kuwala wamba ndi m'kuwala kopingasa, pamodzi ndi muyeso wake, pambali pa chithunzi cha chomera cha m'nkhokwe yanu chimene mukuchiyerekeza nacho. Siyanitsani mawu akuti chomera chinakhudza mwala ndi akuti chomera chinadyedwa, pakuti mizu ina inkasinjidwa kuti ikhale mankhwala, ulembe wa mivi kapena wophera nsomba, ndipo udzu unkachekedwanso kuti ukhale wofolera ndi woluka. Timagalasi tonse tisungidwe ndi manambala ake, ndipo mwala ubwezedwe kunyumba yosungiramo zinthu zakale ya dziko limene unachokera, uli m'thumba lake lotseka, mbali imodzi ya malo ake operera ikadali ndi dothi lake losakhudzidwa, ndipo pa thumbapo palembedwe mbali imene inatsukidwa, tsiku lake ndi mankhwala amene anagwiritsidwa ntchito.